Ngolo ya Zuze M'chaka cha Makoswe

Sonkhezaniko chikuni icho, utsi ukulowa m'maso. Nkhani iyi ndi ya Zuze Kampira wa kwa Dzanjo, kuchigwa kotentha kuja kumene thonje limacha bwino kuposa chimanga. Zinamuonekera chaka chimene makoswe anayamba kugwa okha kuchokera kudenga.

Poyamba anthu anakondwa. Khoswe ndi mbala, nanga mbala ikafa amalira ndani? Munthu uli gone pamphasa umangomva phu! pambali pako. Kuyatsa nyali, khoswe wonenepa bwinobwino akuzungulira ngati woledzera, kenako n'kuuma gwa. M'mawa amayi ankasesa makoswe pabwalo ngati akusesa masamba. Chimene chinayamba kudabwitsa anthu n'chakuti amphaka sankawakhudza. Ankangowanunkhiza n'kutembenuka, mchira uli m'mwamba.

Kenako kunabwera nthata. Makoswe atafa, nthata zawo zinasowa pokhala, zinatsikira pansi n'kuyamba kuluma anthu m'miyendo. Sipanatenge nthawi, mwana wa kwa uje watentha thupi, kwa uje mutu ukuwaza, wina mwanabere watuluka m'khwapa, wina m'mphechepeche, waukulu ngati dzira la bakha, wosakhudzika ndi ululu. Amene matendawo anawatsikira m'chifuwa sankachedwa n'komwe.

A zaumoyo atafika anati ndi mliri wa makoswe. Anapopera mankhwala m'nyumba, namanga chingwe pamsewu kuti wakunja asalowe, wam'mudzi asatuluke. Odwala anawakonzera malo pa shedi yakale yogulitsirapo thonje, kutsidya kwa mtsinje wouma, kutali ndi nyumba za anthu. Woyang'anira kumeneko anali Mayi Thawani, mlangizi wa zaumoyo, mayi wamfupi wa mawu osasa. Iwo ankanena poyera kuti wofika msanga jakisoni amamudzutsa, koma wochedwa amakhala wadzichedwetsa yekha. Lamulo lowawa linali lakuti maliro aletsedwa. Womwalira ankakulungidwa m'pulasitiki wakuda n'kuikidwa kuseri kwa shedi tsiku lomwelo. Panalibe kugona pasiwa, panalibe nyimbo, panalibe kumeta. Amayi ankalira chamumtima, aliyense m'nyumba mwake, chitseko chotseka.

Tsono odwalawo akafika bwanji ku shedi? M'mudzi monsemo, ngolo yamoyo inali imodzi, ya Zuze, ndi ng'ombe zake ziwiri, Tsabola yofiira ndi Nkhungu yotuwa. Zuze anali bambo wachikulire, wosalankhulalankhula, amene moyo wake wonse ankanyamula thonje, njerwa ndi mapira a anthu. A zaumoyo anamupatsa majombo, ufa woyera wothira m'ngolo wopha nthata, ndi kansalu kotseka pamphuno. Sanamufunse ngati akufuna. Iyenso sanakane, chifukwa akanakana, anthu akanatsala pamakonde.

Kunyumba kwake mliri unali usanafike. Munali mkazi wake Dorika ndi mwana wawo Rute, amene anabwera kudzachirira kwa amake, chingwe n'kumutsekera konkuno ali ndi khanda la masiku ochepa. Dorika ankasesa m'nyumbamo mpaka pansi kuwala, ndipo Zuze akabwera ankavulira zovala panja, kusamba kuseri kwa khola, n'kugona pakhonde. Mdzukulu wakeyo ankangomuonera pazenera.

Masiku anasanduka amodzimodzi. Kusanache, wina wagogoda kale: tithandizeni, mwana sakuyankha. Kumanga ng'ombe, kukweza wodwala, kutsika khwawa la mtsinje, kukwera kutsidya, kutsitsa, kubwerera, kupeza wina akudikira. Msana unkamupweteka mpaka anaiwala mmene msana wosapweteka umakhalira. Nthawi zina ankagona chikhalire, zingwe zili m'manja, ng'ombe n'kumayenda zokha poti njira zinkaidziwa. Chakudya chinasiya kukoma. Misozi nayo inauma. Ankatha kunyamula mwana amene anamuona akubadwa osamva kanthu, koma kulemera kwake basi.

Chodabwitsa choyamba anachiona pa ulendo womaliza wa tsiku, wobwerera kumudzi chisisira chitagwa. Ngolo inali yopanda kanthu, koma ng'ombe zinkakoka ngati zanyamula njerwa. Makosi ali tambasu, goli likulira, thovu kukamwa. Zuze anatsika, nayang'ana matayala ngati aphwa. Anali bwinobwino. Koma pamchenga wa mumtsinje, mikwaso ya matayala inali yozama kuposa ya m'mawa pamene ananyamula anthu.

"Zatopa izi," anadziuza yekha. "Nanenso ndatopa."

Tsiku lina anayamba kumva kukanda. Kumbuyo kwake, m'ngolo yopanda munthu, kwe, kwe, kwe, ngati munthu akukanda mwendo wouma ndi zikhadabo. Akaimitsa ngolo, zii. Akayamba kuyenda, kwe, kwe. Anacheuka kamodzi. Anangoona matabwa oyera ndi ufa uja, koma ufawo unali utafufutika malo angapo m'mbali, mmene umafufutikira pamene pakhala anthu. Kuyambira tsiku limenelo anasiya kucheuka.

Pamene njira imatsikira mumtsinje pali mtengo waukulu wa msangu. Madzulo ena Zuze anapeza munthu ataima pansi pa mtengowo. Ng'ombe zinaima zokha, osaziuza. Munthuyo anali wamtali, wovala jekete lotuwa ngati la fumbi ndi chipewa chogwera kumaso, wopanda katundu, wopanda ndodo. Nkhope yake Zuze sanaione bwino, mwina chifukwa cha mdima, mwina chifukwa maso ake ankangoterereka akafika pamenepo.

"Mwaswera bwanji, a ngolo?" Mawu ake anali ofatsa, aulemu.

"Ndaswera. Kaya inu? Mwadutsa bwanji pachingwe?"

Mlendoyo anangoyang'ana ngolo. "Mukupita kwa Dzanjo? Mungandipatseko malo?"

Zuze asanatsegule pakamwa, munthuyo anasendera, nasuzumira m'ngolo, nayang'ana uku ndi uku pang'onopang'ono.

"Aa, pepani. Mwadzaza kale. Ndidikira mawa."

Anabwerera pansi pa mtengo. Ng'ombe zinanyamuka zokha. Zuze anali wotopa kwambiri moti ngakhale mantha sanakhalitse. Atafika kunyumba sanauze munthu.

Cha m'masiku omwewo anadwala a Fombe, msodzi wokalamba, mnzake wa Zuze wa pabawo. A Fombe anabisa chotupa chawo mpaka chinada, poopa pulasitiki wakuda uja. Pamene mkazi wawo Esinta ankaitana ngolo, n'kuti madzi atafika kale m'khosi. M'njira, ali chigonere, anakoka malaya a Zuze.

"Iwe Zuze."

"Ndikumva, akulu."

"Ukandisiya kumeneko, udzanditengenso. Ine kuseri kwa shedi sindigonako. Ndili ndi kwathu ine."

"Muchira, akulu. Muli ndi ngongole ya bawo, ndinakudyani komaliza."

A Fombe anafuna kuseka koma chifuwa chinawatsamwitsa. Anamwalira m'mawa mwake, dzuwa lisanafike pamutu anali atakwiriridwa kale.

Madzulo a tsikulo, Zuze atangodutsa munthu wa pamsangu uja, amene anasuzumiranso n'kunenanso kuti mwadzaza, anamva kuyetsemula kumbuyo kwake. Kunali kuyetsemula kwakukulu, kokoka, kothera ndi kakubuula, mmene ankachitira a Fombe akakoka fodya wawo wa m'mphuno. Mudzi wonse unkakudziwa kuyetsemula kumeneko. Zuze anagwira zingwe zolimba, maso ali kutsogolo.

Atalowa m'mudzi, ng'ombe zinakhota zokha n'kukaima pakhomo pa a Fombe. Ngolo inagwedezeka pang'ono, matabwa analira, ndipo mbali imodzi inakwera ngati yapepukidwa. Kenako zinapitirira, zinakaimanso pakhomo lina, ndi linanso. Apa m'pamene Zuze anazindikira chimene maso ake ankaona masiku onsewa osachimvetsa: ng'ombezo sizinkaima chifukwa chotopa. Zinkaima pa makomo a anthu amene aikidwa tsiku limenelo.

Kutacha, akumanga ng'ombe, anaona Esinta ataima patali ndi khola, manja ali kumbuyo.

"A Kampira, ndabwera kudzathokoza."

"Kuthokoza chiyani, mayi? Ndinalephera kuwafikitsa nthawi yabwino."

"Munawabweretsa dzulo." Anatero ngati akunena za thumba la mapira. "Ndinamva ngolo itaima, kenako chitseko chinalira. Sindinadzuke, ndinangoyang'ana kukhoma. Anakhala pampando wawo kanthawi. M'mawa uno kachitini ka fodya kamene amabisa patsindwi palibe. Chipewa chawo cha kumadzi palibenso. Atenga zawo, apita bwino tsopano."

Zuze anaika goli pansi.

"Si ine ndekha," anapitiriza Esinta. "Kwa a Nsingano kwasowa duku la malemu. Kwa mayi a Tchale kwasowa kakapu ka mwana uja. Tonse tikudziwa, koma timangokhala chete. Musasiye, bambo. Mukasiya, enawo adzabwera pa chiyani?"

Dorika anamva zonsezi ali pakhomo. Esinta atachoka, anabwera pafupi mpaka pamene ankaloledwa kufika.

"Bambo a Rute, zoona zimenezi?"

"Kaya. Ine ndimangoyendetsa ngolo."

"Siyani. Auzeni a boma abweretse galimoto yawo. Taonani mmene mwathera, makutu okha. Ng'ombe nazo nthiti zili pamtunda. Tsiku lina adzakutsitsani inuyo ku shedi."

"Galimoto yawo siwoloka mchenga uja, mayi a Rute. Mukudziwa."

"Ndiye mufere anthu?"

Zuze anakweza goli pakhosi la Nkhungu. "Ndikagona tsiku limodzi, wina amene akanachira safika. Ndikagonanso, wina amene wapita safika kwawo. Mundiuze inuyo tsiku loti ndigone."

Dorika anatembenuka. Anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje, nalowa m'nyumba momwe khanda linali litayamba kulira.

Za munthu wa pamsangu Zuze sanamuuze.

Chomwecho anapitiriza, m'mawa kunyamula amoyo, madzulo kunyamula enawo. Anazolowera. Nthawi zina ankawalankhula osacheuka: gwiritsitsani, tikutsika, pepani, pali dzenje apa. Sankayankha, koma kukanda kunkaleka kanthawi. Ndipo madzulo alionse, mlendo uja anali pamalo pake. Sankaoneka wotopa, sankaoneka wokwiya. Ankapereka moni, kusuzumira, n'kubwerera.

Anthu ataona kuti obwera msanga akuchiradi, anasiya kubisa odwala. Ena anayamba kubwerako ku shedi ndi miyendo yawo, owonda koma amoyo. Ngolo ya madzulo inayamba kupepuka. Tsiku lina, pamene kuseri kwa shedi kunaikidwa munthu mmodzi yekha, nkhalamba ina ya kumapeto kwa mudzi, mlendoyo anasuzumira nthawi yaitali kuposa kale.

"Lero malo alipo," anatero. Anagwira thabwa la m'mbali, nakweza phazi. Kenako anaima, ngati munthu amene wina wamuyang'ana moipa. Anatsitsa phazilo. "Ayi. Agogo awa akundidziwa, sangandilole. Onsewa amandidziwa. Palibe kanthu, a ngolo. Ine sindifulumira."

Usiku umenewo Zuze sanagone ngakhale anali wotopa chotani. Anakhala pakhonde akumvetsera kupuma kwa anthu atatu m'kati mwa nyumba.

Ndiye linafika tsiku limene mudzi wonse unkalipempherera. Zuze atatsitsa mtsikana wina amene anali ndi kamwanabere kongoyamba kumene, anapeza Mayi Thawani atakhala pa chidebe chovundikira, majombo atavula, akusisita mapazi otupa. Kwa nthawi yoyamba chiyambire mliri, anamwetulira.

"Bambo Kampira, lero palibe amene watisiya. Ngakhale mmodzi. Makasu apuma."

"Ngakhale mmodzi?"

"Mwakhumudwa kodi? Kapumeni, bambo. Mwagwira ntchito ya anthu khumi."

Zuze anayang'ana ngolo yake, nayang'ana dzuwa limene linali litafiira kale. Anaganiza zogona pa shedi pomwepo. Koma pamenepo panalibe madzi a ng'ombe, ndipo kumudzi akanagogoda usiku osamupeza. Njira ina yowolokera panalibe, magombe a mtsinjewo ndi ataliatali. Anadziuza kuti akafika pamsangu akwapula ng'ombe, adutsa chothamanga.

Anakwapuladi. Chikoti chinalira pamsana pa Tsabola, chimene sanachitepo zaka zonse. Ng'ombe zinathamanga pang'ono, koma zitafika pamthunzi wa mtengo zinaima nji, miyendo ikunjenjemera.

"Mwaswera bwanji, a ngolo?"

Zuze anangoyang'ana kutsogolo. Anamva mapazi pamchenga, anamva thabwa likugwiridwa. Ngolo sinagwedezeke, sinalemere ngakhale pang'ono. Chimene chinabwera ndi fungo, lija la khoswe wofera patsindwi, lotsekemera moipa, lolowa mpaka kummero. Atayang'ana pansi anaona timadontho takuda tikudumphadumpha pa majombo ake, pamwamba pa ufa woyera womwewo.

"Tiyeni," anatero mawu aja, pafupi ndi khutu lake.

Ng'ombe zinayenda mopepuka ngati sizikukoka kanthu. Anawoloka mchenga, nakwera kutsidya. Mdima unali utagwira. Patsogolo pankaoneka timoto ta m'mudzi.

"Mutsikira pati?" Zuze anafunsa.

"Kumene mukupita inuko. Makomo enawa ndinalowamo kale, ena kawiri. Latsala lanu. Ndamva kuti kuli khanda."

Analowa m'mudzi. Agalu amene ankauwa ngolo masiku onse analowa pansi pa nkhokwe. Palibe khomo limene ng'ombe zinaima. Zinkangoyenda, zikufulumira, poti zinamva fungo la khola lawo. Pamphambano yokhotera kwake, Zuze anakoka chingwe kuti zipitirire, koma zinakana. Ng'ombe yotopa ikaona kwawo simva chingwe. Anadumpha pansi, nathamangira kutsogolo, nagwira zingwe za m'mphuno ndi manja onse awiri, n'kuyamba kukoka. Nkhungu inafwenthera, Tsabola inaponda jombo lake, koma iye anakokabe, chambuyo, mpaka matayala anabwerera mumsewu.

Dorika anali pakhomo ndi nyali. Anaona mwamuna wake akulimbana ndi ng'ombe zake zomwe.

"Bambo a Rute! Mukupita kuti? Mwasokonezeka?"

"Lowani m'nyumba!" Mawu ake anatuluka ngati a munthu wina. "Tsekani chitseko! Mwana asatuluke, Rute asatuluke! Musandilondole!"

Dorika anakweza nyali, nayang'ana m'ngolo. Chimene anaona sananenepo mpaka lero. Nyaliyo inagwa pansi n'kuzima, ndipo chitseko chinamveka chikutsekedwa, mpiringidzo n'kugwa.

Zuze anatsogolera ng'ombe kutuluka m'mudzi, kulowera njira ya kuminda. Ankayenda wapansi, dzanja lili pagoli, osayang'ana kumbuyo.

"Mwapitirira," anatero mlendo.

"Tikudzera kwina."

"Zuze." Aka kanali koyamba kumutchula dzina. Mawuwo sanali aukali, anali achifundo ngati a mayi. "Watopa, mwanawe. Ndakhala ndikukuona. Palibe amene wakufunsa ngati wadya. Tembenuka, ukamasule ng'ombe, ukagone m'nyumba mwako, pamphasa yako. Ine sindichedwa pakhomo. Mlendo ndi mame."

Ndipo tulo tinamugwera ngati bulangete lonyowa. Miyendo inalemera, zikope zinagwa. Anaona mphasa yake, anamva kufunda kwa m'nyumba. Ankangofunika kusiya goli basi, ng'ombe zikanatembenuka zokha, iye osachitapo kanthu. Ndani akanamuimba mlandu? Anayenda chogona, mutu ukugunda paphewa la Nkhungu. Dzanja linayamba kutsetsereka. Pamenepo anapunthwa pachitsa, nagwa chogwada, bondo n'kung'ambika. Ululuwo ndi umene unamudzutsa. Anadzuka, nagwiranso goli, n'kumaponda mwamphamvu ndi mwendo wopwetekawo kuti asagonenso.

Munda wake unali womaliza, kumalire ndi tchire. Thonje anali atakolola kale mliri usanayambe, mitengo yake atazula n'kuunjika milumilu kudikira moto. Anaimitsa ngolo pakati pa mundawo. Anamasula ng'ombe, nazimenya pamatako, ndipo zinathawa chamtunda osacheuka. Kenako anayamba kututa mitengo youmayo n'kumailowetsa pansi pa ngolo, mtolo ndi mtolo, nkhope ili pansi. Pamwamba pake pankamveka kupuma kodekha.

"Ngolo imeneyi anakusiyira bambo ako," anatero mawu aja. "Ukaiwotcha udya chiyani? Mdzukulu wakoyo umudyetsa chiyani?"

Zuze anatulutsa machesi. Ndodo zoyamba zinathyoka.

"Ukuganiza kuti ngolo ndi yako yokha padziko?"

"Ayi," anayankha Zuze, mawu ali pansi. "Koma yanga ndi imeneyi."

Moto unagwira. Mitengo ya thonje siichedwa, inangoti lawi! mpaka pamwamba. Zuze anatembenuka n'kuyamba kuyenda. Kumbuyo kwake kunamveka kuthetheka kosalekeza, the-the-the-the, ngati chitowe chochuluka chikukazingidwa m'phale lalikulu, ndi kulira kwina kwakung'ono, kochuluka, kosakhala kwa munthu. Matayala ataphulika, utsi wakuda unaphimba nyenyezi. Mthunzi wake unkayenda patsogolo pake, wautali. Kanthawi kena anaona ngati mithunzi ndi iwiri. Anatseka maso, nayendabe.

Atafika pamsewu anakweza dzanja kuti apukute thukuta, ndipo anamva kulasa m'khwapa. Anapapasa. Kanalipo, kolimba, kakang'ono ngati nthanga ya bwemba. Anaima pamphambano ya kwake kanthawi, akuyang'ana nyumba yake ili chete mumdima, ng'ombe zitaima pakhomo la khola kudikira wozitsegulira. Anavula majombo ndi malaya n'kuziponya m'dzenje la pambali pa msewu. Kenako analunjika ku shedi, wapansi, wopanda nsapato.

Ulendo umene ngolo inkauyenda mosavuta unamutengera usiku wonse. Thupi linatentha, mano ankagundana. Mumchenga wa mumtsinje anakwawa. Pansi pa msangu panalibe munthu.

Mayi Thawani anamupeza kukucha, atatsamira mzati wa shedi.

"Bambo Kampira! Ngolo ili kuti? Wakubweretsani ndani?"

"Ndadzibweretsa," anatero, nakweza mkono kuwaonetsa. "Ndafika msanga, eti?"

"Mwafika msanga. Gonani apa."

Anadwala kwambiri, koma jakisoni anagwira. Atayamba kudya phala, Mayi Thawani anabwera kudzakhala pafupi naye madzulo ena, ndipo iye anawafotokozera zonse, kuyambira mikwaso ya matayala mpaka moto. Ankayembekeza kuti amuseka kapena anene kuti kunali kutentha kwa thupi. Iwo anangomvetsera, maso ali pansi.

"Nthata zimabisala m'ming'alu ya matabwa," anatero pomaliza. "Ufa sufikamo monse. Ngolo imene ija inayenera kupsa basi, ndikanakuuzani ndekha ndikanakhala ndi mtima." Kenako anafunsa motsitsa mawu, osamuyang'ana: "Nanga iyeyo anapsa?"

"Sindinacheuke, mayi."

Mayi Thawani anagwedeza mutu, nadzuka kukaona odwala ena.

Kwa Dzanjo sikunadwalenso munthu wina. M'nyumba ya Zuze mliri sunalowe. Patapita nthawi a zaumoyo anamasula chingwe, napasula msasa wawo, nanena kuti tsopano anthu akhoza kusonkhana.

Mudzi unagwirizana kuti maliro onse alirike tsiku limodzi. Anthu anachokera kutali, amene anatsekeredwa kunja, ana obwera kudzalira makolo amene sanawaone akupita. Anasonkhana pabwalo lalikulu. Poyamba kunali zii, ngati anthu aiwala mmene amalirira. Kenako Esinta anayambitsa, mawu amodzi aatali, ndipo bwalo lonse linasweka. Amayi ankagubuduka pansi akutchula mayina, abambo akuluakulu ankalira poyera osabisa nkhope, a kwaya ankayamba nyimbo n'kulephera kuimaliza. Kulira kumene kunatsekeredwa m'nyumba miyezi yonse ija kunatuluka tsiku limenelo, kunamveka mpaka kutsidya kwa mtsinje.

Zuze anabwera mochedwa, akutsimphina, atatsamira ndodo. Anthu anamupatsa njira. Anakhala pamphasa kumbali ya abambo, natsamira tsinde la mtengo. Rute anabwera chogwada, namuika khanda m'manja, koyamba chibadwire. Zuze analiyang'ana nthawi yaitali. Kenako mutu wake unayamba kuwerama, pang'onopang'ono, mpaka chibwano chinafika pachifuwa. Pakati pa chiphokoso chonsecho, khanda lili pamiyendo, Zuze anagona tulo tofa nato, mpaka kuliza mkonono.

Mkulu wina wa mpingo anaona kuti n'zosayenera pamaliro, natambasula dzanja kuti amugwedeze. Dorika anafika msanga, nagwira dzanjalo m'malere.

"Musiyeni," anatero. "Ife tikulira lero. Iyeyu anaperekeza kale aliyense mpaka pakhomo."

Mkuluyo anabweza dzanja. Amayi amene anali pafupi anasendera patali pang'ono ndi kulira kwawo, ndipo wina anavula chitenje chake n'kumufunditsa kumapazi. Dzuwa linapendeka, anthu anametana, anadya, anabalalika. Zuze anali chigonere, ndipo palibe anamudzutsa.

Nkhani yake ithere pomwepo. Chikuni chija chanyeka, kagoneni.